Chigoli cha Dzanja

Germano wa ku Mongue anali ndi nthenda imodzi yosowa mankhwala: pakamwa. Munthu ukangotchula mpira, bamboyo ankaponya khasu pansi n'kuyamba kugawa nzeru zomwe palibe wamupempha. A ku Brazil ankati ndi ovina chabe, okongoletsa bwalo koma opanda mano. Ajeremani ankati ndi ng'ombe za pangolo, zosatopa koma zosasangalatsa. Mwiniwakeyo chibadwire anali asanapondepo bwalo la udzu, koma zimenezo sizinkamuchititsa manyazi ngakhale pang'ono.

Nkhondo itafika m'deralo, anyamata a mfuti a kutchire anaika lamulo: wopezeka ndi wailesi ndi kazitape wa boma, ndipo adulidwe makutu. Sikunali kuopseza ana. Anthu anaponya mawailesi awo m'zimbudzi, koma Germano anakulunga yake m'thumba la feteleza n'kuikwirira pakati pa munda wa chinangwa. Chinali chaka cha 1986, mpikisano wa mpira wa dziko lonse uli mkati ku Mexico, ndiye munthu ngati iyeyo akanatha bwanji kukhala osamva?

Mabatire ankabwera nawo Florentino, mlongo wake wa mkazi wake. Florentino anali munthu wofatsa, wamantha ndithu, koma ankazemba malire kukawagula ku Muloza chifukwa chokonda mlamu wakeyo. Madzulo awiriwo ankagona chafufumimba m'chinangwamo, mitu ataigundanitsa pa kawailesi kolankhula monong'ona.

"Bambo a Berta," ankatero mkazi wake Zulmira, "wailesiyo sindikuiopa, imalankhula mukaitsegula. Inuyo mumalankhula osatsegulidwa. Achimwene angawa mudzandiphetsera."

"Ine ndine mwana?" ankayankha Germano, ndipo ankakhumudwadi.

Anyamata a mfuti aja anabwera m'mawa wina wozizira, mame asanaume. Anaphwasula nkhokwe, kuthira chimanga m'matumba, zotsala n'kuyatsa moto. Mkulu wina dzina lake Laurindo anakakamira mbuzi yake, ndipo anamutema ndi chikwanje pakhosi, n'kugwa chingwe chili m'manja. Amuna onse amphamvu anawasenzetsa matumba. Germano anali kutsogolo, Florentino pambuyo pake, ndipo wotsimphina aliyense ankalandira thako la mfuti pamsana.

Dzuwa lili pamutu anaima pakamtsinje. Onyamula katundu anawakhazika pamchenga, asilikali n'kukhala pamthunzi kuzungulira mkulu wawo, munthu wamtali wa mano otalikirana yemwe ankangomutchula kuti komandante. Tsoka lake, komandanteyo naye anali wokonda mpira. Wailesi yawo inali itafa kalekale, ndiye ankangotola nkhani m'kamwa mwa amalonda ogwidwa panjira.

"Akuti kamnyamata kakafupi ka ku Argentina kanadumpha kuposa goloboyi wa Angerezi," ankauza anyamata ake, "n'kugoletsa ndi mutu. Mutu! Kafupi choncho! Amenewo ndi mankhwala basi."

Germano anawerama. Anayang'ana nyerere pamchenga. Florentino anamutsina pantchafu mwamphamvu, maso akupempha. Koma komandante anabwerezanso za mutuwo, anyamata onse n'kuvomera ngati ali m'tchalitchi, ndipo bodza loterolo Germano linamupweteka kuposa thumba lomwe linamusupula khosi.

"Linali dzanja."

Komandante anadzuka pang'onopang'ono, n'kudzaika kamwa la mfuti pansi pa chibwano cha Germano mpaka mutu unapenya kumwamba.

"Unaliko ku Mexico iwe?"

"Iyayi, shefu."

"Ndiye wailesi ili kuti?"

Germano anati atsegule pakamwa, mawu osatuluka, koyamba m'moyo wake. Mkodzo unatsika wofunda m'mwendo. Komandante anamuyang'ana, kenaka anaseka n'kutsitsa mfuti.

"Fotokoza bola yonseyo. Ukandisangalatsa, makutu akowa atsala."

Germano anayamba, mawu akudukaduka. Koma mpira ndi mpira. Pofika pa chigoli chija anali ataimirira, akuonetsa mmene kamnyamatako kanabisira nkhonya pafupi ndi mutu, oyimbira n'kukhala ngati wagona. "Ndi mbava imeneyo, shefu, mbava yeniyeni! Koma dikirani mumve chachiwiri!" Anatenga mpira wosaoneka pakati pa bwalo, kupyola uyu, kupyola uyo, kumusiya wina atakhala pansi, mchenga uli fumbi kumapazi ake. Asilikali anatsamiritsa mfuti pamitengo. Wina ankamenya m'manja. Anthu omwe m'mawa womwewo anapha nkhalamba chifukwa cha mbuzi anali kukamwa yasa ngati ana, ndipo Germano, wosauka, anaiwala kuti ali pati. Chibadwire anali asanapezepo omvera otere.

"Kanamunyenga goloboyi, n'kuukankhira muukonde! Gooolo! Ine misozi, shefu! Alamu angawa anadumpha mpaka kuthyola chinangwa, ndinachita kuwagwira pakamwa kuti asakuwe!"

Chala chake chinali chikuloza Florentino. Anachiona chalacho ngati cha munthu wina, ndipo anachitsitsa mochedwa.

Komandante anapukuta misozi ya kuseka. "Wandisangalatsa. Ine mawu anga ndi amodzi, ako atsala. Ndiponso masewera sanathe, andimverere ndani? Upita ndi anyamata awiri ukafukule wailesiyo, kuyambira lero uli ndi ife." Anatembenuka. "Koma lamulo silingagone ndi njala. Omvera analipo awiri."

"Shefu, ndimanama! Ndinali ndekha! Dulani anga!"

"Gwira mutu wa mlamu wako. Akagwedezeka mpeni ulowa m'khosi, ndiye wamupha ndiwe."

Anamugwetsa Florentino chafufumimba, wina n'kumukhalira pamsana. Germano anagwada, nagwira mutu uja ndi manja awiri, mutu womwe ankaugunda ndi wake m'chinangwa. Mpeni unali wobuntha. Sunadule, unacheka, ndipo Florentino analira ngati nkhumba, miyendo ikukumba mchenga. Magazi otentha anadzaza zikhato za Germano n'kutsikira m'zigongono. Atamaliza khutu lakumanzere anamutembenuza. Germano anafuna kufa pomwepo, koma manja ake sanaleke kugwira, chifukwa kuleka kunali kupha.

Atatha, anamudzutsa Florentino ndi mateche n'kumusenzetsanso thumba lake. Magazi ankayenderera mbali zonse ziwiri za khosi, kunyowetsa malaya mpaka m'chiuno. Anyamata awiri anamukoka Germano kuti abwerere kumudzi kukafukula wailesi, komwe Zulmira anali kudikira pa phulusa la nkhokwe kuti amve za mwamuna wake ndi mlongo wake.

"Alamu," Germano anatero. "Alamu, pepani."

Florentino sanakalipe. Anangomuyang'ana ali pansi pa thumba lija.

"Mukamuuze nokha mlongo wanga," anatero. "Inu mumatha kufotokoza."