Chokoleti cha Idah ndi Galu wa ku Kaphuka

Idah anaphunzira kupanga chokoleti m'khitchini ya hotela ina ku Lilongwe, ndipo atabwerera kwawo ku Dedza ankagulitsa kwa apaulendo oima pamsewu waukulu. China ankaikamo malambe, china masamba a tiyi, china mapichesi oumitsa, china tsabola wa kambuzi pang'ono chabe.

Tsiku lokaonekera kwa makolo a Kingsley, bwenzi lake, ku Kaphuka, anasankha timibulu tosalala kwambiri n'kutiyala m'kabokosi. Atafika anagwada pakhonde n'kupereka ndi manja awiri.

Oyamba kutola anali a Anastazia, azakhali ake a Kingsley, ndipo anagwera ka tsabola. Anatafuna pang'ono n'kulavulira pabwalo.

"Kingsley, switi woyabwa kukhosi unamuonapo kuti?" anafunsa osamuyang'ana n'komwe mlendoyo.

"Muli tsabola, azakhali. Ndimaika dala," anatero Idah.

"Ife tinakula kale. Kondaine timamudziwa fungo lake."

Idah anamva kutentha kumaso. Asanayankhe, azakhali aja anaitana kagalu kowonda ka pakhomopo n'kukakhuthulira theka la bokosi.

"Chonde musatero!" anakuwa Idah. "Chokoleti chimadwalitsa agalu."

"Mwamva nokhatu," anatero a Anastazia potembenukira mayi ake a Kingsley. "Akudziwa zimene waikamo."

Dzuwa litapendeka, kagalu kanayamba kusanza, miyendo ikunjenjemera. Anthu oyandikana nawo anasiya kukumba mbatata n'kudzaima kumpanda. Idah anayang'ana Kingsley. Munthu ameneyu ankadya chokoleti chomwechi Loweruka lililonse, mpaka kunyambita zala. Apa anangoti zyoli, akukanda dothi ndi nsapato. Kenako anamuyandikira n'kunong'oneza:

"Ungopepesa, nkhani ithe."

"Ndipepese chiyani?"

"Ndi akuluakulu awa, Idah."

Mtima unamuwira. Anatenga bokosi lija, n'kukhala pampando umene sanamupatse, n'kuyamba kudya totsalato kamodzikamodzi onse akuona. Anameza mpaka m'bokosi munayera.

"Ngati ndi mankhwala, andigwire ineyo," anatero. "Galuyo mum'mwetse madzi, muitane alangizi a ziweto lero lomwe. Iye sanalakwe kanthu."

Anamanga chitenje chake n'kutsetsereka yekha kukadikira minibasi, mphepo yozizira ikumuwomba m'makutu. Palibe amene anam'perekeza.

Kingsley anatulukira patapita masiku, Idah akusungunula chokoleti pa mbaula. Anaima pakhomo nkhope ili yowala.

"Galu uja wachira. Ndiye azakhali akuti akukhululukira, ukhoza kubweranso."

Idah anapitiriza kutakasa, chifukwa chokoleti chikagwira pansi pa poto sichikonzekanso.

"Andikhululukira," anabwereza mawuwo pang'onopang'ono. "Nanga iweyo unawauza chiyani?"

Kingsley anayambanso kukanda pansi ndi nsapato.

"Ukawauze ankhoswe ako asavutike kubwera kwathu," anatero Idah. "Ndipo choka pakhomopo, ukunditchinga kuwala."