Tulo ta Zelifa

Chichinthucho anachiimika kuseri kwa nyumba ya Zelifa ku Mlonyeni: mzati woyera wautali kuposa bulugamu, pamwamba mapiko atatu ozungulira ndi mphepo. Eni ake ankati ndi makina opangira magetsi, anthu ankangoti chifani. Magetsiwo kaya ankapita kuti, pamudzi pankatsala phokoso basi. Vuu, vuu, vuu, usana ndi usiku, ngakhale Lamulungu osapuma!

Ena anazolowera. Zelifa ankagona modukizadukiza, koma mwamuna wake Eneya tulo tinamuthawiratu. Thonje m'makutu anayesa, bulangete kumutu anayesa, zosathandiza. Kuchipatala anamupatsa mankhwala a mutu, n'kumulangiza kuti azigona mokwanira. Azigona bwanji, abale inu? Chonsecho munthuyo anali wakabaza, wopalasa njinga pa Kamwendo, mumsewu wa mathiraki a ku Zambia. Akamanyamuka m'mawa maso ali psuu, Zelifa ankamuperekeza ndi maso mwankhawa.

Eneya anali mkamwini. Sakanangonyamula mkazi kupita naye kwawo popanda mawu a mwini mbumba, a Jobson, malume a Zelifa. Ndiye Zelifa anakagwada.

"Amalume, tiloleni chitengwa. Bambo a Dyna akapeze tulo kwawo, atifera pamsewu."

"Mkamwini wanji wothawa mphepo?" anaseka a Jobson. "Nanga munda wa malemu mayi ako alime ndani? Yambani mwakolola kaye."

Chimanga chinali chisanaume n'komwe. Tsiku lamsika, anzake akabaza anamuona Eneya akulowera pakati pa msewu pang'onopang'ono, mutu uli zyoli, miyendo italeka kupalasa. Dalaivala wa thiraki anaimba hutala mpaka kutopa. Munthu anali atagona. Thiraki inamuwomba, anafera pomwepo.

Mkamwini amakaikidwa kwawo. Apa ndiye a Jobson sanavute ayi, galimoto yonyamula thupi anakaipeza okha.

Kwawo kwa Eneya kunali zii, moti unkamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa nkhokwe. Zelifa anakhala m'siwa pafupi ndi bokosi, amayi akuimba nyimbo za maliro. Anangoti atsamire khoma pang'ono. Podzidzimuka, dzuwa linali litatuluka kale, alamu ake akunong'onezana pakhomo.

"Mkazi wanji ameneyu? Mkonono mpaka m'mawa, mwamuna ali m'bokosi!"

Manyazi anamugwira, komanso ukali. Thupi lake linali litapepuka, mutu utaleka kuwawa koyamba chiimikireni chifani chija, ndipo chimenecho n'chimene chinamupweteka koposa. Anagwira bokosi ndi manja onse awiri.

"Kuno mukanagona, bambo a Dyna," analira. "Mukanagona ndithu."

Maliro atatha anabereka Dyna kubwerera kwawo, poti munda unkamudikira. Asanafike n'komwe pamudzi, anaona mapiko aja pamwamba pa mitengo, akuzungulira.