Timatumba Tisanu pa Tsiku

"Pepani mayi, za m'ndowa sitilandira."

Ananena mawuwa ndi mtsikana wa pazenera la banki, dzina lake Catherine, m'Chingerezi chothamanga cha ku Glasgow. Nelia anayang'ana ndowa yabuluu imene iye ndi mwana wake Rachel anainyamula kuchokera ku Easterhouse, chogwirira chikuwacheka zala njira yonse. Inali yodzaza ndi ndalama zachitsulo, ma fifite pensi okhaokha, ndipo inzake yofanana nayo inatsala kunyumba.

"Kodi si ndalama izi?" anafunsa Nelia.

"Ndi ndalama ndithu. Koma ziyenera kubwera m'timatumba tathu ta pulasitiki, makumi awiri m'kathumba kalikonse, kuti tiyeze pa sikelo. Ndipo munthu mmodzi timamulandirira timatumba tisanu pa tsiku."

"Tisanu? Nanga amuna anga ankabweza bwanji mulu wonsewu?"

"Bambo Namaona anali ndi akaunti yolipira mwezi ndi mwezi, ngati ya amalonda, ndiye ankabweretsa mmene afunira. Koma inatsekedwa titangouzidwa za imfa yawo. Kuti inu mutsegule yotere, pafunika masabata awiri."

Nelia anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mwana wake.

"Mami, pa intaneti analemba kuti tiziwauza msanga," anatero Rachel, maso ali pansi.

"Pa intaneti. Chabwino. Gwira ndowayo."

Linali Lachiwiri. Ellard Namaona anali atagona masiku khumi kunyumba yachisoni, ndipo mkazi wake anali asanalire kulira kwenikweni, chifukwa mkwiyo sunkamupatsa mpata. Zaka khumi ndi chimodzi bamboyu ankatenga ndalama zachitsulo ku banki, n'kuzikhuthula patebulo lodyera, n'kumazitembenuza imodzi imodzi kufunafuna zokhala ndi zithunzi zachilendo. Zotsala ankazibweza, n'kutenga zina. Amuna a anzake amaonera mpira, ena amalima kabichi kuseri kwa nyumba. Wake wa Nelia, akaweruka kotsuka mabasi, ankawerama pa tizitsulo ngati nkhuku yopalasa.

Ndiye posankha tsiku lofa, munthuyu anasankha bwino kwabasi. Anali atalandira tchuthi cha sabata, ndipo Lachisanu anakasintha ndalama zonse zimene banja linasunga, mapaundi 1,200, kuti zikhale ma fifite pensi, ati azifufuze bwino n'kuzibweza. Loweruka m'mawa mtima unaima ali patebulo pomwepo.

Amalawi a mu Glasgow anachita mbali yawo. Chipepeso cha kumpingo ndi cha m'magulu a pafoni chinakwanira bokosi ndi ndege yonyamula thupi, imene inkanyamuka Lamulungu. Anthu anadzifinya mpaka pouma, moti kuwapemphanso kukanakhala kupanda ulemu. Chimene chinatsala ndi tikiti ya Nelia, mapaundi 1,100, ndipo wogulitsa matikiti analonjeza kusunga mpando mpaka Lachisanu, 3 koloko masana. Pasipoti ya Rachel inali itatha ntchito. Goodwill, mng'ono wa malemu, mapepala ake okhalira m'dziko anali akadali kuboma, ndipo akanatuluka sakanabwereranso. Nelia akanalephera, Ellard akanakatsika pa Chileka yekhayekha ngati katundu, ndipo ku Chiradzulu nkhani imeneyo ikanakambidwa mpaka zidzukulu.

Zandowazo zinali ntchito ya chikondi. Tsiku la zovuta, amayi a Mvano anafika m'nyumba n'kupeza tebulo ndi mipando zadzaza timatumba, anthu opepesa alibe pokhala. Amayi a Mvano saonerera chisokonezo. Anamasula kathumba kalikonse, anakhuthulira zonse m'ndowa ziwiri zokolopera, timatumba topandamo kanthu n'kutaya kubini, tebulo n'kulipukuta mpaka kuwala. Ungawakalipire bwanji anthu amene akuimbira nyimbo usiku ndi usana?

Atabwerera kunyumba ndi ndowa yawo komanso mulu wa timatumba tatsopano timene Catherine anawapatsa, anapeza Goodwill atakhala pampando wa malemu, magalasi a malemu ali pamphuno, ndowa yachiwiri ili pakati pa miyendo. Pambali pake panali botolo la jamu.

"Alamu, mwachita bwino kuti akukanizani," anatero. "Mulungu ndi wamkulu. Mukanataya chuma."

"Chuma chake chiti?"

"Taonani apa." Anamuonetsa foni. "Kamodzi kokha aka, ka nyumba yosanja, munthu akugulitsa mapaundi 150. Aka ka wankhonya, akuti 900. Achimwene sanali wopusa. Palibe ndalama ituluke muno ndisanaione ndi maso anga."

"Akugulitsa kapena wagulitsa?" anafunsa Rachel.

"Iwe, akuluakulu akamalankhula."

"Alamu," anatero Nelia akuvula nsapato, "fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ine ndikufuna tikiti, osati maloto."

"Ine ndikulankhula m'malo mwa akuchimuna. Kumudzi akadzandifunsa kuti katundu wa m'bale wathu anapita kuti, ndidzayankha chiyani?"

"Mudzawauze kuti ali m'ndowa yokolopera."

Anakangana mpaka tiyi kuzizira, kenako anagwirizana mwa anthu otopa. Goodwill azisankha za zithunzi n'kuponya m'botolo lake, zotsala Nelia ndi Rachel aziika m'timatumba. Ntchitoyo inatenga tsiku lonse. Zala zinada bii, nyumba yonse inanunkha chitsulo, ndipo Goodwill ankaima pa ndalama iliyonse n'kuifunsa ku foni ngati sing'anga woombeza. Pomaliza botolo linadzaza, ndipo timatumba tinakwana mtengo wa tikiti ndendende, osatsalako ngakhale ya basi.

"Ku supamaketi kuli mashini," anatero Rachel. "Umangothira, basi."

"Amadula chakhumi," anayankha mayi ake. "Chakhumi ndimapereka kutchalitchi. Akadula, mpandowo ndikakhala theka?"

Nzeru inachokera kwa Mayi Theresa, mtsogoleri wa Mvano, mwina chifukwa chikumbumtima chinkawaluma. Madzulo a tsikulo, mapemphero atatha, anaimirira pakati pa anthu opepesa.

"Abale, mwambo wathu timabwera pamaliro ndi kangachepe m'manja. Lero zisintha. Aliyense atuluke muno ndi timatumba tisanu, mawa akaike ku banki kwake, atumize ku akaunti ya anamfedwa."

Anthu anayang'anana. Kutuluka m'nyumba ya maliro utanyamula ndalama za malemu, kwathu kuno amati chiyani? Mkulu wampingo wina anapempha kuti zake azikulunge m'nyuzipepala kuti anthu apanjira asamuone. Ana asukulu a ku yunivesite, amene anali ambiri ndiponso amphamvu zonyamulira, anakweza manja mmodzi mmodzi kunena kuti banki zawo ndi za pafoni, zilibe ofesi. Mayi wina anapita ku nthambi ya kwawo n'kupeza inatsekedwa kale, muli malo ometera. Wina anamubweza chifukwa kathumba kamodzi kanapepuka ndi ndalama imodzi, ndipo imodziyo inapezeka m'botolo la Goodwill. Komabe Lachitatu ndi Lachinayi foni ya Nelia inkalira pafupipafupi, mapaundi makumi asanu, makumi asanu, ngati madontho a denga lothonya.

Lachisanu kunacha timatumba makumi awiri tikadali patebulo. Onse okhala ndi banki zenizeni anali ku shifiti, ndipo Rachel anamuitana kuntchito. Nelia anatiika m'chikwama cha matayala chogulira zinthu n'kukwera basi. Goodwill anamutsatira atakumbatira botolo lake, ati akatha ku banki apita nalo kwa ogula ndalama zakale m'tauni.

Mzere unali wautali, zenera lotsegula limodzi. Pamene Nelia ankafika kwa Catherine n'kuti nthawi itadutsa 2 koloko. Mtsikanayo anayeza timatumba tisanu, n'kuyang'ana totsalato mwachisoni.

"Mwana wanga," anatero Nelia, "ndikupempha. Lero lokha."

"Ndikanakonda, Mayi Namaona. Kompyuta siilola. Ndafunsanso abwana."

"Ndalamazi zinatuluka pazenera lomweli tsiku limodzi. Kutuluka zinatuluka bwinobwino, kulowa ndiye zikufuna chilolezo? Mwamuna wanga akwera ndege mkuja. Mukufuna apite yekha chifukwa cha timapulasitiki?"

Mawu anali atakwera, ndipo mzere wonse unamva. Goodwill anamukoka dzanja la juzi. "Alamu, anthu akutiona."

"Ationa, inde! Inu mukanakhala ndi banki yooneka ndi maso bwenzi titachepetsako."

"Pepani," anatero munthu wina kumbuyo kwawo. Anali mzungu wachikulire, wachipewa chaubweya, atanyamula chikwama cholemera ngati chawocho. "Ndamva dzina. Kodi ndinu akazi a Ellard? Ellard wamwalira?"

Nelia anagwedeza mutu. Bamboyo anavula chipewa.

"Ine ndine Brown. Nanenso ndimafufuza ndalamazi, Lachisanu lililonse. Timatumba timeneto ndi take? Ndigula tonse. Catherine, nditapireko 150 zamapepala."

Nelia sanafunse kawiri. Ndalama zamapepala zinatuluka pazenera, zinadutsa m'manja mwa Brown ndi mwa Nelia, n'kulowanso pazenera lomwelo popanda lamulo lililonse lozitchinga. Anaimbira Rachel kuti alipire tikiti. Anadikira pafoni mpaka mwanayo anati, "Zatheka, Mami. Mpando ndi wanu." Nelia anakakhala pa mpando wa pakona pomwe pali katebulo kolembera.

Brown anabwera kudzasamutsa timatumba.

"Mwatithandiza, bambo," anatero Nelia. "Koma mwagula bwanji zinthu zofufuza kale?"

"Zofufuza kale timadana nazo, n'zoona. Munthu ukapatsidwa timatumba tobwezedwa ndi mnzako, umadziwa kuti sabata yapita pachabe, ndipo ena amachita kusintha banki. Koma ta Ellard tinkalimbirana. M'kathumba kalikonse kamene ankabweza ankasiyamo imodzi ya chithunzi. Nthawi zina yabwino kwambiri. Ine yosowa ija ya nyumba yosanja ndinaipeza m'kathumba kake."

Goodwill anatsegula pakamwa. "Ya 150 ija?"

"Yomweyo. Nditamudziwa ndinamufunsa ngati anaiphonya. Anaseka. Anati kwanu mukamakolola simusesa munda, mumasiyako zina kuti wobwera m'mbuyo asabwerere chimanjamanja."

"Kukunkha," anatero Nelia m'Chichewa, polankhula yekha.

Mkwiyo unamubwereranso, wotentha kuposa wa masiku onsewa. Zaka khumi ndi chimodzi akudyera mbale pamwendo chifukwa tebulo lili ndi eni ake. Zaka khumi ndi chimodzi akulipira banki mwezi ndi mwezi. Ndipo chimene ankachipeza, munthuyu ankachibwezanso mwakachetechete kuti akasangalale nacho mlendo amene sankamudziwa n'komwe. Osanenako ngakhale tsiku limodzi!

"Munthu uyu," anatero. "Munthu uyu, abale."

Brown anali atanyamula kale chikwama, akumwetulira ngati mwana wopita kunyumba ndi phukusi. Nelia anayang'ana chikwamacho. Iye ankadziwa chimene bamboyo sankadziwa, kuti timatumbato tinasesedwa mpaka mbee.

"Dikirani, bambo. Tabwezani pano." Anatembenukira kwa mlamu wake n'kutambasula dzanja. "Alamu, botolo."

"Alamu, izi ndi za akuchimuna. Tinagwirizana."

"Mwini wake ndi wakuchimuna. Mwamva mmene ankachitira. Bweretsani."

Goodwill anayang'ana botolo, anayang'ana mzungu, anayang'ananso botolo. Kenako analiika patebulo, ndipo chivindikiro chitavuta anachitsegula yekha.

Nelia anamasula kathumba koyamba. Anatulutsamo ndalama imodzi wamba, n'kupisa m'botolo osasankha, n'kuponyamo ya chithunzi, n'kutseka bwinobwino. Anatenga kachiwiri. Pofika pa kachisanu maso anali atachita chidima, zala zikuphonya pakamwa pa kathumba. Anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango, koma sizinathandize.

Goodwill anakoka mpando n'kukhala pambali pake. "Inu muzitsegula," anatero, "ine ndiziikamo."