Khomo la Kumtsinje

Mvula inali ikugwa chiyambire m'mawa, ndipo mtsinje unali utakwera mpaka theka la mizati imene nyumba inakhazikikapo. Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a mayi Masitah. Anthu a mapemphero atabalalika, amuna a malemuwo, a Jumberi, anagwada n'kuyamba kupinda mikeka. Mwana wawo Rusdi ndi mkazi wake Hairiah ankakankha kabati yagalasi imene anabwera nayo pa boti kuchokera kumzinda wa Banjarmasin. Anaikhazika pakhomo lakumbuyo, lotulukira kumtsinje.

"Osati apo," anatero a Jumberi.

"Ababa, ife tikusamukira kuno kudzakusamalirani. Khomo ili titseke, mpata uwu ukhale chipinda chathu."

"Osati apo."

Chaka chimene msika unapsa, a Jumberi ndi anzawo khumi anasonkherana n'kugula pampu yakale, nayambitsa gulu lozimitsa moto. Koma nyumba zamatabwa za mumsewu wawo zinali zogundana, popanda podutsira kupita kumadzi. Choncho moto ukabuka, paipi inkalowa pakhomo lawo lakumaso, n'kudutsa pabalaza ndi kukhitchini, n'kukatulukira kumtsinje. Zaka khumi ndi zisanu, pakati pa nyumbayo sipanaikidwepo kanthu.

"Gulu lanulo lipeze njira ina," anatero Rusdi. "Nyumba ino ndi msewu kodi? Amayi amwalira zovala zawo zili m'makatoni. Matope, madzi, azibambo olowa osavula nsapato. Munawazunza ndi pampu yanuyo."

"Musaipidwe, apongozi," anatero Hairiah motsitsa mawu. "Palibe mzimayi wosafuna kabati. Kungoti malemu anali ofatsa."

"Ofatsa," anatero a Jumberi.

Anadzuka mochirikiza bondo n'kupita pakhomopo. Anapisa dzanja kuseri kwa kabati, nasisita matabwa a m'mbali mwa khomo. Anali okhota, odzaza ndi mabala akale.

"Pano panali khoma. Tsiku limene kunapsa kwa a Darham, oyandikana nafe, anzanga anapempha kuti aboole, paipi ifike kumtsinje. Ine ndinakana. Ndinati nyumba yanga iyi." Analoza chakumbali. "Amako anandikankhira uko, n'kutenga chikwanje. M'nyumba yoyakayo munali ana atatu."

Rusdi anayang'ana matabwawo nthawi yaitali. Madzi ankagwera m'beseni kuchokera kudenga.

"Simunandiuzepo."

"Unali kusukulu."

"Nanga makatoniwo?"

"Ndinawagulirapo kabati kawiri. Kawiri konse anaibweza."

Hairiah anapukuta galasi la kabatiyo ndi nsonga ya mpango wake, ngakhale linalibe fumbi.

"Ndiye ife tizigona kuti, apongozi?"

A Jumberi anacheukira kuchipinda chawo. Chitseko chinali chotseka chiikireni maliro, ndipo pilo wa malemu anali akadali pamalo pake.

"Umo," anatero. "Ine pabalaza. Mkeka umapindika."

Rusdi anakhala pansi n'kubisa nkhope m'manja.

A Jumberi anatsamiza phewa pa kabatiyo, naikankha okha mpaka kukhoma. Kenako anatsegula khomo la kumtsinje.