Kaundula wa 1988

1.
Ex. Zilembo ziwiri basi. Ndi Chilatini, tanthauzo lake kuchokera mwa, kutuluka mu. Ine Dominiko Katsache ndimasunga makaundula a parishi ino, ndipo ndili ndi kope lolembamo paliponse pamene ndakumana ndi kamawu kameneka. Anzanga amaweta nkhunda.

2.
Pa mabuku a ansembe akale: ex libris, kuchokera m'mabuku a uje.
Pamwamba pa chitseko cha holo: exit.
Pa mabelo a fodya: export.
Pa kalata ya komiti: ex officio.
Pakamwa pa achinyamata: eksi wanga, kunena chibwenzi chotha. Amenewa amandinyansa, Chilatini sachidziwa koma amachitafuna ngati chingamu.
Pa fayilo yanga: ex-seminarian. Ndinatuluka kuseminale kutatsala zaka ziwiri.

3.
Lachiwiri m'mawa.
Odi muno.
Lowani, mayi.
Ndine Rozina, ndachokera ku Mchinji. Ndikufuna kalata ya ubatizo. Tikumangitsa ukwati woyera mwezi wamawa, ana atatu kale, mpaka manyazi. Ndinabatizidwa konkuno mu 1988. Mayi anga anali Felesita Nambewe.
Anali?
Tinaika chaka chatha.
Pepani.

4.
M'kaundula sitifufuta. Cholakwika amachikonza m'mphepete mwa tsamba, wansembe n'kusaina. Sitifufuta, sitimata, siting'amba.

5.
Rozina, podikira kuti bukulo litsike pa shelefu, mumtima:
kalatayo ndikuifuna inde koma ndikanatha kutuma mwamuna wanga, ndabwera ndekha chifukwa pa kalata pamakhala mzere wa dzina la bambo ndipo ine mzere umenewo ndakhala ndikuulumpha kuyambira sitandade 8, mayi ndikawafunsa ankati pita ukatunge madzi, malume ankati ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi usativute, zoona koma mphunoyi si ya kuchikazi, ndipo mayi ali m'chipatala anangoti zinalembedwa kutchalitchi kuja, ukafunse wolemba, ndiye ndakwera maminibasi awiri

6.
Tsamba 41, nambala 212. Inki yabuluu.
Rosina, ex matre Felicita Nambewe, ex patre ignoto.

7.
Zikuti chiyani pamenepo, bambo?
Ex matre, kuchokera mwa mayi. Wansembe wa nthawi imeneyo sankalola chilankhulo china m'buku. Ex ameneyu ndi yemwe uja wa pa chitseko cha holo, mukayang'ana bwino mupeza kuti
Bambo, ine sindinabwerere sukulu. Kwinako?
Ex patre, kuchokera mwa bambo.
Eya. Dzina?
Ignoto.
Ndi a kuti amenewo? Achiyao?
Si dzina, mayi. Ndiye kuti wosadziwika.

Anaseka, kuseka kopanda mano. Wosadziwika kwa ndani? Mayi anga sanali wamisala.

8.
Sangakonze?
Angathe, m'mphepetemu. Pamafunika mwiniwake abwere, avomere pamaso pa bambo mfumu.
Ndiye basi. Munthu amene sanabwere zaka zonsezi abwera lero?
M'kaundula sitifufuta, mayi.
Ndamva kale.

9.
Ndinakopera kalatayo bwinobwino. Dzina. Tsiku. Mayi. Pa mzere wa bambo ndinajambula kamzere kopingasa, monga timachitira. Chidindo. Anaipinda kanayi, naiika m'chikwama, nandithokoza mogwada. Kundithokoza!

Malemba anu ndi okongola, bambo, anatero ali pakhomo.

10.
Lamulungu lina mu 1988, misa itatha. Seminale inanditumiza kuno chaka chimodzi kudzaphunzira ntchito, ndipo cholembera anandipatsa ine chifukwa ndinkakhoza Chilatini. Amayi khumi ndi awiri pamzere, makanda kumsana. Felesita anali wachisanu ndi chiwiri. Wansembe anafunsa kuti bambo wa mwanayu ndani. Felesita sanayang'ane wansembe. Anayang'ana ine, nadikira. Ndinachita mantha. Ndinkafuna unsembe, womwe sindinaupezenso. Ndinaweramira buku n'kulemba mawu atatu aja, mosaphonya chilembo, ndipo wansembe anandiyamikira.

Minibasi ya ku Mchinji sinyamuka isanadzaze. Bambo mfumu ali m'nyumba mwawo mpaka 12 koloko. Ndanyamula kaundula, ngakhale satuluka muofesi, ndipo ndikupita ku siteji. Sindikudziwa kuti ndikamuitana kuti chiyani.