Nyemba za M'jekete la Abambo

Nyemba zisanu ndi ziwiri zinapezeka m'thumba la jekete la abambo patatha zaka zinayi chimwalirireni. Anazipeza ndi amayi, tsiku lomwe anaganiza zopereka jeketelo kwa amalume. Anandiimbira foni ndili ku ntchito, m'manja ndili ndi magolovesi.

"Iwe, zija zapezeka."

"Ziti, amayi?"

"Za abambo ako. Zamawangamawanga zija."

Abambo anali ndi nyemba zawozawo, zomwe nawonso anazilandira kwa makolo awo. Sizinali zokongola kuposa zina, koma matenda opiringiza masamba akagwa m'minda ya anthu, zawozo zinkangoima bwinobwino ngati sizikumva kanthu. Chaka chomwe abambo anadwala, tonse maso anali kuchipatala. Thumba la mbewu linakhala pakona miyezi isanu ndi itatu, ndipo pomwe amayi ankalimasula munali fumbi ndi tizilombo tokhatokha. Kuyambira pamenepo, nyengo yodzala ikayandikira amayi ankachepetsa kuyankhula.

Mwa zisanu ndi ziwirizo, amayi anadzala ziwiri m'chitini. Anathirira milungu itatu, koma sipanamere kanthu. Zinali zitafa kalekale ndi kutentha kwa m'sutikesi momwe munali jeketelo. Nditapita kukawaona ndinapemphako zitatu.

"Ukazitani zakufazi?"

"Ndikazifunsa kwawo."

Amayi anandiwerengera m'dzanja imodziimodzi.

Ine ndimagwira ntchito pa labu yoona za mbewu. Kumapeto kwa khonde lathu kuli chipinda chozizira, ndipo pa shelefu yam'munsi munali bokosi la maenvulopu a nyemba 41. Anazitolera m'minda ya alimi zaka makumi awiri zapitazo ndi mkulu wina amene tonse timamutchula kuti a Pang'ono, chifukwa chilichonse chomwe mungawafunse ankayamba ndi mawu akuti, "Pang'onopang'ono." Ndimakumbukira ndili kamtsikana iwo atafika kwathu pa njinga yamoto, abambo akuwatapira nyemba zodzaza manja awiri. Choncho ndinkadziwa kuti imodzi mwa maenvulopuwo ndi yathu. Vuto linali loti kope lomwe munali mayina a alimi linanyowa paipi itaphulika, inki yonse n'kusungunuka. Pa maenvulopu panangotsala manambala.

Ndipo abwana a pa labu anali atalengeza kuti pakutha pa mwezi shelefu imeneyo ichotsedwe. Malo anachepa. Mbewu yosadziwika kochokera, anatero, ndi katundu wongodzaza firiji.

Poyamba ndinayesa njira yapafupi. Ndinajambula nyemba za m'maenvulopu onse n'kukawaonetsa amayi pa foni. Anasankha khumi ndi imodzi. Chithunzi chilichonse cha nyemba zamawanga ankachigwira ndi chala n'kunena kuti, "Ndi izi." Ndikatembenuza china, "Ayi, koma izi." Sindinawadzudzule. Munthu ukasowa chinthu nthawi yaitali, maso amayamba kuchiona paliponse.

Ndiye ndinabwerera ku ntchito yanga. M'kati mwa mbewu iliyonse muli DNA, yomwe tikaiwerenga ndi makina imatuluka ngati mzere wautali wa zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T. Kachigawo kena ka DNA ya nyemba 41 zija kanawerengedwa kale m'nthawi ya a Pang'ono. Ine ndinapera zitatu za abambo n'kuwerenga kachigawo komweko. Kenaka ndinatsegula pulogalamu yomwe imandandalika mizereyo wina pansi pa unzake, kuti chilembo chiyang'anane ndi chinzake. Mzere wa abambo ndinauika pamwamba penipeni.

Unali womvetsa chisoni. Mbewu yakufa imawerengeka movuta: apa pabowoka, apo chilembo chasokonekera. Ndikauyerekeza ndi ina yonse, unkasiyana nayo m'malo ambirimbiri, ndipo sindikanadziwa kusiyana kwenikweni ndi kuti, kobwera ndi kuwonongeka ndi kuti.

Chiyembekezo changa chinali pa kafayilo kakang'ono komwe a Pang'ono anasiya. Munali mizere isanu ndi inayi yokha. Mzere uliwonse unali ndi nambala ya malo, ndi mawu ochepa ofotokoza. Amenewa anali malo omwe iwo anatsimikiza, atabwereza kangapo, kuti ndi pamene mitundu ya nyembazi imasiyaniranadi. Fayilo yotere umailowetsa m'pulogalamu, n'kupatsa chizindikiro chilichonse mtundu wake, ndipo timizati ta utoto timatsika pa zilembozo kukuonetsa poyenera kuyang'ana.

Ndinailowetsa Lachiwiri m'mawa. Ndinasankha zofiira. Timizati tisanu ndi tinayi tinatsika bwinobwino, popanda pulogalamu kudandaula. Koma nditayang'ana pansi pa kamzati koyamba, mizere yonse 42 inali ndi chilembo chimodzimodzi. Kachiwiri, chimodzimodzi. Mpaka kachisanu ndi chinayi. Malo omwe amayenera kulekanitsa nyembazo ankanena kuti zonse n'zofanana.

Mnzanga wa tebulo loyang'anana ndi langa, amene timamutchula kuti Wailesi chifukwa satseka pakamwa, anabwera ndi kapu yake n'kuima kumbuyo kwanga.

"Wakongoletsatu. Ukusoka nsalu ya ukwati?"

"Usandiseke lero, iwe."

"Nanga nkhope yagweranji? Tiye ndione." Anawerama. "Aa. Zonse mapasa. Mayina a mizere akugwirizana ndi a m'fayilomo?"

"Ndaona kawiri."

"Mipata ya pakati pa zilembo sinakankhe manambala?"

"Pulogalamu imawerenga zilembo zokha, mipata imailumpha."

"Ndiye kaya. Mwina madala aja analemba ali ndi njala." Anandisisita paphewa. "Usadandaule, mnzanga. Ukawapatse amayi envulopu iliyonse yamawanga. Adziwa bwanji?"

Ndinaseka pang'ono, koma mawuwo anandikhala pamtima masiku atatu. Zinali zotheka. Amayi akanalandira ndi manja awiri. Koma matenda aja akanadzabwera, masamba n'kupiringizika, ndipo akanataya nyemba za abambo kachiwiri.

Lachinayi madzulo amayi anaimba foni.

"Mitambo yayamba kusonkhana kuno. Zakuuza kwawo?"

"Zikuyankhula motsitsa, amayi."

"Ngati mwini wake," anatero. Kenaka anayamba kundiuza za nkhuku ya aneba.

Loweruka m'mawa ndinanyamula laputopu n'kukwera basi kupita kwa a Pang'ono. Anapuma ntchito zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndinawapeza pakhonde, atakhala pampando wa nsungwi, ndodo ili pakati pa miyendo. Maso awo anali atachita ng'ala, moti anandizindikira ndi mawu.

"Mwana wa a nyemba zamawanga! Abambo ako anandidyetsa mpaka njinga inkandikana. Khala apa, mayi."

Ndinawafotokozera zonse: jekete, bokosi, kutha kwa mwezi, timizati tofiira togwera pachabe. Ndinkayankhula mofulumira. Iwo anakweza dzanja.

"Pang'onopang'ono. Nambala yoyamba m'fayilomo ndi chiyani?"

"58."

"Eya. Ndiye iwe 58 wakoyo unayamba kumuwerengera pati?"

"Pa chilembo choyamba cha mzere. Pulogalamu imatero."

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Pulogalamu imatero! Mwana wanga, abambo ako akati mzere wachikhumi wa m'munda, ankayamba kuwerenga pamsewu?"

"Ayi. Ankayambira pomwe payambira munda."

"Nanga udzu wa m'mphepete uja?"

"Sankauwerenga."

"Inenso sindinkauwerenga. Makina amayamba kuwerenga kutali, m'thengo. Ine ndinkayenda mpaka pomwe pali ATG woyamba, poyambira uthenga weniweni wa mbewu, ndipo A ameneyo ndiye anali wani wanga. Tonse a nthawi yathu pa labu ija tinkatero. Sitinkalemba n'komwe, chifukwa panalibe wosadziwa." Anapukusa mutu. "Apo ndiye ndinalakwa. Ndinaiwala kuti odziwawo adzatha."

Ndinatsegula laputopu pamiyendo. Ndinafufuza ATG woyamba. Patsogolo pake panali zilembo 112 za m'thengo. Ndinasintha fayiloyo, kuwonjezera 112 pa nambala iliyonse. 58 anakhala 170. Ndinafufuta timizati takale n'kulowetsanso.

"Usaike zofiira," anatero a Pang'ono. "Ine zofiira ndi zobiriwira sindinazisiyanitsepo chibadwire, anzako aja sanadziwe mpaka ndinapuma. Ika chikasu. Chikasu ndimachionako ngakhale pano."

Ndinaika chikasu, n'kuuza pulogalamu kuti pa malo asanu ndi anayiwo ipake chilembo chokhacho chofanana ndi cha mzere wa abambo. Sikirini inasintha. Timizati sitinalinso tathunthu. Tinaduka, apa chikasu, apa poyera, apa chikasu, ngati nyemba zamawanga zomwezo. A Pang'ono anabweretsa nkhope pafupi kwambiri mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi.

"Ndikungoona kuwala. Undiwerengere. Malo oyamba, abambo ako ali ndi chiyani?"

"T."

"Otsala nawo ndi angati?"

"Makumi awiri ndi atatu."

Anapinda chala chimodzi. Pa malo achiwiri anatsala khumi ndi anayi. Malo achitatu anagwera pobowoka, pomwe mzere wa abambo unalibe chilembo, ndipo chala chimenecho anachisiya chili chiimire. Tinapitiriza choncho, ine kuwerenga, iwo kupinda. Mdzukulu wawo wamkazi anatibweretsera tiyi, n'kuzizira osamugwira. Malo achisanu ndi chitatu anagweranso pobowoka. Titafika kumapeto, mzere umodzi wokha ndi umene unali ndi chikasu pa malo onse asanu ndi awiri owerengeka.

"Envulopu 27," ndinatero.

A Pang'ono anakweza manja awo, zala ziwiri zosapindazo zili njo.

"Uziona izi. Zisanu ndi ziwiri si zisanu ndi zinayi. Ukawauze amayi ako zoona: zikufanana kwambiri, koma wotsimikiza ndi munda."

"Ndikawauza."

"Ndipo pamwamba pa fayilopo ulembe poyambira kuwerenga. Ulembe m'zilembo zikuluzikulu, za anthu a maso ngati anga."

Lolemba ndinawaonetsa abwana. Anayang'ana nthawi yaitali, akuyendetsa chala pa mawanga achikasuwo. Anati popeza fayilo yayamba kugwira ntchito, bokosi lonse lidikire kaye, tione ngati maenvulopu enawo angadziwikenso. Mu 27 munali nyemba khumi ndi zisanu ndi zinayi. Khumi ndi zisanu zinatsala kuti labu ikazichulukitse. Zinayi anandilembera kalata yoti ndikayese kumunda wa mlimi.

"Mlimi wake dzina?" anafunsa, cholembera chili m'manja.

Ndinatchula dzina la abambo. Kenaka ndinakonza, n'kutchula la amayi.

Wailesi anandiperekeza mpaka pageti. "Zikabereka undisungireko mbale imodzi. Paja ndine ndinakulimbikitsa."

"Iwe unati ndikawanamize."

"Ndiye kulimbikitsa kwanga kumeneko!"

Ndinafika kwathu mvula yoyamba itagwa dzulo lake, nthaka ikununkhira. Amayi anatsanulira nyemba zinayizo m'dzanja, n'kutenga ziwiri zakufa zija n'kuziika pambali pake. Anazigubuduza ndi chala chachikulu. Ndinawauza za malo asanu ndi awiri, ndi za awiri obowokawo, monga ndinalonjezera.

"Ndiye sukudziwa bwinobwino."

"Ndikudziwa kwambiri, koma osati kotheratu. Tidzadziwa matenda aja akadzabwera."

"Moti ndiziyembekezera matenda?" Anaseka, koyamba kuseka chotero m'nyengo yodzala. "Chabwino. Ntchito ina yomwe ndili nayo ndi iti?"

Sanadzale m'chitini. Anapita kuseri kwa nyumba, pomwe abambo ankayesera mbewu zawo, n'kuboola mapando anayi ndi ndodo. Anaponya imodziimodzi, n'kukwirira ndi chidendene mopepuka, monga ankachitira mwini wake. Anazika timitengo kuzungulira chifukwa cha nkhuku ya aneba ija.

Patatha masiku asanu ndi anayi foni inalira ndili pa kompyuta.

"Zamera ziwiri."

"Zikuoneka bwanji, amayi?"

"Ngati nyemba. Masamba awiri oyamba amafanana zonse, sukudziwa iwe wa ku labu?" Anapuma pang'ono. "Ndakhala pano kuyambira m'mawa. Ndatulutsa kampando."

"Nanga jekete lija munawapatsa amalume?"

"Ayi. Ndabwezeramo ziwiri zija m'thumba. Likhale kaye mpaka tikolole."

Atadula foni ndinayang'ana pa sikirini. Mzere wa abambo unali pamwamba pomwe ndinausiya, ndi mabowo ake awiri, ndipo pansi pake ndinali nditakokerapo wa 27 kuti ikhale moyandikana. Sindinaitseke mpaka nthawi yoweruka.