Chigoba Chimene Chinayera

Pashelefu ya bambo ake a telala wina panali zigoba za nkhono zoposa zana, chilichonse ndi kapepala kake, koma mkangano wonse unali pa chimodzi. Chinali choyera mbee, kukula kwake ngati chibakera cha khanda. Bambowo, amene anapuma pa ntchito yauphunzitsi, ankaumirira kuti pochitola chinali ndi mizere yofiira. Ana awo ankangoyang'anana. Mchimwene wake wa telala, munthu wodziwa zonse kupatula kukhala chete, anali atagamula kale kuti mutu wa madala wayamba kusokonekera, asamakhalenso okha, nyumbayi itsekedwe.

Telala sankayankhapo, ngakhale ankadziwa kuti mizereyo inalipodi. Zaka makumi awiri zapitazo, ali mtsikana wa ukhondo wopitirira muyezo, anaona chigobacho chili fumbi lokhalokha, nachiviika tsiku lonse m'mankhwala oyeretsera zovala. Chinavuuka choyera ngati mbale. Anachibwezera pamalo pake mwakachetechete, ndipo manyaziwo anakula naye limodzi. Tsopano bambo ake ankati achotsedwe m'nyumba yawoyawo chifukwa cha pakamwa pake potseka, ndipo zinkamuwawa.

Bambowo analemba kalata ku myuziyamu, nyumba yosungirako zinthu zakale, ndipo Lachitatu lina kunabwera mayi wofufuza za nkhono, atanyamula katochi m'chikwama. Telala ndi mchimwene wake analinso pomwepo.

"Pakufunika mdima," anatero mayiyo.

Dzuwa linali paliwombo. Telala anatenga nsalu yakuda ya kasitomala imene anabwera nayo, ya suti yosadulabe, n'kuipachika pazenera ndi mapini. Pini imodzi inamubaya chala, osamva n'komwe.

"Nkhono imadzipakira yokha utoto," mayiyo anafotokoza akupukuta chigobacho. "Ikamakula imawonjezera chigoba m'mphepete pang'onopang'ono, utoto n'kumalowa momwemo. Wofiira wa mtundu uwu ndi pachibale ndi umene umafiiritsa magazi athu. Ena amati zamizere zinkabisala bwino m'miyala, nsomba n'kumadya zinzawo, ndiye zinachulukana. Koma zilipo zina zokongola zokhala kumene kulibe diso loziona. Pamenepo tikukandabe mutu."

"Zamveka, mayi," anatero mchimwene uja, atapinda manja. "Koma ngati utotowo unalipo, wapita kuti?"

"Sutheratu ayi. Tadikirani."

Anayatsa katochi kaja. Kuwala kwake kunali kofooka, kwa buluu wakuda, koti sungawerengere nako kalata. Koma kutangogwera pachigoba, mizere inatulukira, yofiira psuu, yozungulira kuchokera kunsonga mpaka kukamwa. Mchimweneyo anakhosomola kawiri, chifuwa alibe.

Bambowo sananene kuti "ndinakuuzani." Anangovala magalasi, n'kuwerama, n'kumagwedeza mutu ngati munthu wolonjera mnzake wakale.

Mayi uja anatembenuza chigobacho, nachipapasa ndi chala. "Ichi si dzuwa linachiyeretsa," anatero. "Chinaviikidwa m'mankhwala. Taonani mmene pamwambapa panadyekera. Anachitsuka ndani?"

Anafunsa mwachidwi chabe, mmene amafunsira anthu a ntchito imeneyi, osadziwa kuti waponda pachilonda. Telala anayang'ana kukhomo. Akanatha kunena kuti wakumbukira kuti wasiya simbi pamoto, ndipo palibe akanamuletsa. Koma anali atatopa.

"Ndine, ababa," anatero. "Ndinkafuna chiwale. Nditaona zimene ndachita ndinachita mantha. Ndakusiyani anthu akukunenani zaka zonsezi. Mundikhululukire."

"Iwe!" mchimwene anayamba, koma bambowo anakweza dzanja kumuletsa.

"Ndinkadziwa, mwanangu," anatero mofatsa. "Chinanunkha mankhwala mlungu wathunthu, ndipo zala zako zinali zitasupuka. Mphunzitsi sasowa mwana wolakwa, amangoona amene wayamba kusesa osatumidwa."

Telala anakhala pansi pamphepete pa bedi. Misozi inatsika osaipukuta.

"Nanga bwanji simunanene? Achimwene amafuna kukutsekerani nyumba!"

Bambowo anavula magalasi n'kuwapinda bwinobwino.

"Ndikananena, ndikanatchula iwe," anatero. "Ine ndimafuna andikhulupirire za mizere basi. Nyumba akanatseka, koma za mwana wanga sizinali zawo."